Madamu apita, tsono ndalama tikusonkhazi zigwire ntchito yanji?

Lero ndalemba zambiri, mundikhululukire, amene bandulo yanu ndi yochepa werengani pang'onopang'ono, mukhoza kumalizitsa mawa. Sindikamba za mtengo wa soya ngati masiku onse. Nkhani ndi ya Madamu athu amene tinawaika m'manda masabata atatu apitawa. Dzina sinditchula, palibe wa kuno amene sakuwadziwa, ndiponso ife amene tinadutsa m'manja mwawo sitinkawatchula dzina n'kale lomwe. Anali Madamu basi. Ngakhale amfumu, imvi zili mbuu, ankati Madamu.

Maliro aja munawaona. Ine chibadwire sindinaone magalimoto ochuluka chonchija m'mudzi muno, mpaka ena anaimika m'munda mwanga mwa mtedza, mwayi ndinali nditakumba kale. Bokosi lonyezimira lochokera ku Lilongwe, nkhata zokwirira manda onse, makwaya atatu, nsima mpaka adzukulu kukana ina. Olankhula analankhula. Wina anati anali nyale ya dera lino, wina anati mtengo waukulu wagwa. Zonse zoona. Koma ine nditakhala kumbuyo kuja pa chitsa, chipewa chili m'manja, mtima unkandifunsa kuti anthu tonsefe tinali kuti dzinja lathali pamene Madamu ankatchera mabeseni m'chipinda mvula ikamagwa? Ndikuti tonsefe chifukwa ine ndili momwemo, ndiponso ndine woyamba, poti nyumba yanga ndi yawo n'zoyandikana, tambala wanga akalira ankamumva.

Inu achinyamata amene munawadziwa ali agogo oyenda ndi ndodo, dikirani ndikuuzeni. Ine ndinayamba sukulu mu 1978 ndili ndi zaka 8. Masiku amenewo pokulemba sankafunsa chikalata cha kubadwa, ankangoti pititsa dzanja pamwamba pa mutu ugwire khutu la uko. Likapanda kufika, bwerera kwanu ukakule kaye. Amene anandigwiritsa khutu tsiku limenelo anali Madamu, ali mayi wa mphamvu zake, diresi yabuluu ya lamba, zala zili mbuu ndi choko. Ntchito anakaphunzira ku koleji ya aphunzitsi aakazi ku Bembeke, ndipo kuno kwathu anali mayi woyamba amene tinamuona akulandira malipiro a boma mwezi ukatha. Amayi athu ankawapatsa ulemu wosakaniza ndi mantha, koma madzulo ankapita mozemba ndi makalata a amuna awo a ku Joni kuti akawawerengere. Zimene zinali m'makalata amenewo Madamu apita nazo kumanda, palibe anamvapo ngakhale liwu limodzi pachitsime.

Kalasi yathu inali pansi pa mkuyu uja unagwa zaka zapitazi. Bolodi ankalikoleka pa msomali. Makope tinalibe, tinkasalaza dothi ndi chikhatho n'kulemba ndi chala, a e i o u, iwo n'kumadutsa mmodzimmodzi kuchonga ndi kamtengo. Ukakhoza unkatchingira ndi manja kuti anzako asakupondere, kumalakalaka amako atabwera kudzaona mphepo isanafufute. Kuzizira kwa kuno ku Dedza mwezi wa June mukukudziwa, kumaluma mpaka m'mafupa, ndipo ambiri tinkabwera ndi kamalaya kamodzi, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Asanayambe kuphunzitsa ankatithamangitsa kuzungulira bwalo la mpira kawiri, kenako opanda juzi ankatikhazika pakati, ovala juzi m'mphepete. Buku la Sosa linali limodzi pa gulu lonse, tinkaliwerenga ena chamutu ena cham'mbali, koma chaka chikamatha ambiri tinkatha kuphatikiza mawu. Chala ndikudinira pa foni panochi n'chomwe chija chinkalemba padothi.

Tisanamizane poti munthu wapita. Madamu ankakwapula. Kamtengo ka pichesi sikankachoka m'khwapa, ndipo kakathyoka wokathyola kena unali iwe wolakwa. Mnzanga wina amene tinkakhala moyandikana anali wachibwibwi, akamuloza kuti awerenge mawu ankakana kutuluka, ndiye ankalawa pichesi pafupifupi tsiku lililonse. Anasiyira Sitandade 2, mpaka lero amadinda chala. Pa ichi sindiwayamikira. Iwonso eni ake atakalamba anandiuza tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, anati, "Mwana uja ndinamulakwira, ndinkayesa mwano pamene linali lilime." Anatuma mdzukulu kukamuitana, ndipo zimene anakambirana awiriwo ndi zawo. Pa maliro paja, munthu ameneyu ndi amene anatsikira m'manda kukalandira bokosi.

Ana a lero mumadziwa kuti pulayimale ndi yaulere. Ife tinkalipira. Ndalama yake inali makwacha owerengeka, osafika ndi 10 omwe pa chaka, koma kwa mayi wolima nyemba ndi kachewere linali phiri. Bambo anga anali ku Joni pa TEBA, ndipo zaka zina kalata inkabwera yopanda kanthu mkati. Ndili Sitandade 4 anatibweza tonse osalipira. Ine kunena zoona ndinkasangalala, poti ndinali ndi mabowo a mbewa ondidikira. Ndikudutsa pa mkuyu paja Madamu anandiitana. Sindinali wa kalasi yawo n'komwe, ndinali nditachoka m'manja mwawo zaka zitatu zapitazo. Anafunsa kuti ukupita kuti dzuwa lino, ndinawauza. Anamasula mfundo ya kampango, anawerenga ndalama m'manja mwanga, anati, "Pita ukapereke, ubweretse lisiti ndione. Udzandibwezera ukadzakula." Ndinakula. Ndinakwatira, ndinabereka, pano ndili ndi adzukulu. Sindinabweze.

Sukulu ndinasiyira Sitandade 7 mu 1985. Malume anga anati mphwanga wakula, apite nane ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Madamu anapita kwa malume katatu. Ulendo wachitatu anagwada pabwalo anthu akuona, mphunzitsi wa boma kugwadira munthu wosadziwa kulemba dzina lake. Malume anangoti sukulu sadya. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse, ndipo sindinamizira malume okha, mtima wanga unali kale pa wailesi ndi njinga zimene ankati ndikagula. Ndinabwerako patatha zaka ziwiri ndi bulangete limodzi ndi chifuwa. Kuyambira pamenepo ndikawaona akubwera m'njira ndinkapatukira m'chimanga.

Zimene anachita pasukulu pano zaka zotsatira ambiri munaziona nokha. Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta cha m'ma 1986 anthu anakhamukira kuno, poti malire ake ndi ongodumpha msewu. Ana awo ankaima kumbuyo kwa kalasi, osalembedwa m'kaundula, Madamu n'kumawakodola kuti khalani pansi. Atsikana awiri anawasunga m'nyumba mwawo zaka zingapo mpaka makolo awo atabwerera mtendere utabwera. Mmodzi wa iwo ndi mayi uja anafika pa njinga yamoto kuchokera ku Ulongwe n'kudzigwetsa pakhomo pa siwa, amene ambiri munkafunsana kuti ndi wa kwa yani.

Kenako 1994, a Bakili Muluzi atalowa m'boma n'kuchotsa fizi. Dziko lonse ana a pulayimale anachoka pa osakwana 2 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi. Kuno zinali ngati msika wa Lizulu. Sitandade 1 ya Madamu inasefukira, ana oposa 200, ena ndevu zitamera kale. Boma linalemba anyamata ndi atsikana ongochoka ku sekondale, kuwaphunzitsa masabata owerengeka n'kuwatumiza m'masukulu. Ena ankatuluka m'kalasi misozi ili m'maso. Madzulo ankasonkhana pakhonde pa Madamu ndi koloboyi, iwo kumawaonetsa kakonzedwe ka phunziro la mawa, ndi mmene ungakhazikire chete ana onsewo osakuwa mpaka kusasa mawu. Palibe anawalipira pa zimenezo.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi cha atsikana. Kale mtsikana akatenga pakati sukulu yathera pomwepo, dzina lafufutidwa. Lamulo linasintha mu 1993 kuti akachira abwerere, koma lamulo limakhala m'mabuku, silipita pakhomo pa munthu. Amene ankapita pakhomo anali Madamu. Loweruka ankamanga nsalu, kuyenda mudzi ndi mudzi, kukakhala pamphasa ndi make mwana mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankawatukwana kuti akupasula mabanja. Wina anawathira madzi otsukira mbale, iwo anangopukuta kumaso n'kubweranso Loweruka linalo. Chinamwali chikagwa pakati pa teremu sanapite kukanyoza mwambo ayi, anapita kwa anamkungwi ndi nkhuku m'manja kukapempha kuti chizichitika pa holide, ndipo mpaka lero zili choncho. M'chikwama mwawo munkakhala nsalu yapadera. Mtsikana zikamugwera mwadzidzidzi m'kalasi ankangomukodola, kumufunditsa, n'kupita naye kunyumba kwawo kuseri kwa sukulu, anyamata osadziwa kanthu. Izi anandiuza ndi mayi a kunyumba kwanga, zinawachitikira ali Sitandade 6. Inu anamwino, inu aphunzitsi, inu amayi a mabizinesi amene mukuwerenga muli ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mukudzidziwa nokha, sinditchula.

Kunyumba nako sikunali kopumira. Bambo a kunyumba kwawo anatisiya mu 1989, kuwasiyira ana asanu, wotsiriza asanayambe sukulu. Malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, amatha asanafike pakhomo. 4 koloko m'mawa anali ali kumunda ndi khasu, 7 koloko ali m'kalasi atasamba, madzulo ali pa makina kusoka mayunifolomu. Onse asanu anafika ku sekondale. Atapuma ntchito mu 2000 n'kusamukira m'mudzi muno tinati tsopano Madamu adye thukuta lawo. Chaka chotsatira mwana wawo wachisamba anabwera kuchokera m'tauni atatheratu ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula, mwamuna wake atatsogola kale. Anamudwazika miyezi 7, kumusambitsa, kumutembenuza, ife tikudutsira patali. Mankhwala aulere otalikitsa moyo anayamba mu 2004. Zaka zitatu zokha, abale. Anasiya ana anayi, ndiye Madamu anayambiranso kulera ali ndi zaka 56. Ndalama zawo zopumira ntchito zinali zisanatuluke. Ankakwera basi kupita kumaofesi a m'tauni, kukhala pa benchi tsiku lonse, n'kuuzidwa kuti fayilo sikuoneka, mubwere mwezi wa mawa. Pa maliro paja mdzukulu wamng'ono atapatsidwa mpata sananene zambiri, anangoti agogo ankadya pomaliza, ndipo masiku ena ankati adya kale kukhitchini pamene sanadye. Mawu amenewa ndi amene anandigwetsa misozi, osati a akuluakulu aja.

Tsono apa ndiulule changa, chimene ngakhale ana anga sachidziwa. Njala ya 2002 amene munalipo simungaiiwale. Anthu anadya zitsa za nthochi, gaga ankachita kulimbirana kuchigayo, chimanga chimene tinkagula K5 pa kilo chinafika K40 m'misika ina, ndipo mu February boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ine chaka chimenecho ndinali ndi mwayi. Kachewere wa kudimba anandipatsa kandalama, ndiye ndinkapalasa njinga usiku kukapikula chimanga ku Mozambique n'kumagulitsa pa mbale pakhomo panga. K35 mbale imodzi. Ndinkasalaza pamwamba ndi chikhatho kuti pasapitirire njere.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona Madamu aima pa mzere, kabeseni m'manja, kamdzukulu kumsana. Anali ataonda, nsalu atazunguliza kawiri. Kopatukira kunalibe. Anati ndiwapatse mbale zitatu. Ndinayeza zitatu, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinasalaza pamwamba ngati mmene ndinkachitira ndi wina aliyense. Anandipatsa K200. Manja akunjenjemera ndinawabwezera K105. Anawerenga, anandiyang'ana, n'kupatula K10 kundibwezera. "Zitatu za K35 ndi K105. Ukachotsa pa K200 itsala K95. Kuchotsera sunakudziwebe, mwana wanga?" Anthu pa mzere anaseka. Ine ndinalandira K10 ija n'kuika m'thumba. Ndinalandira, abale. Za fizi ija sanatchule, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse mpaka kumwalira kwawo.

Patapita zaka manyazi anachepa, ndinayamba kumapita kukawaona, pena ndi dzungu, pena ndi mtolo wa nkhuni. Zaka zomalizazi maso anali atachita khungu, koma khonde lawo linali sukulu ndithu. Ana a m'mudzi akaweruka ankakhala pamenepo kuloweza masamu, iwo ali pa mpando akumvera ndi makutu, wina akati 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 54 ndodo inkagogoda pansi. Ana awo musawanene. Ankatumiza ndalama, wa ku Joni ankaimba foni Lamulungu lililonse, wa ku Blantyre anabwera kawiri ndi galimoto kudzawatenga, iwo n'kukana kuti m'tauni akakhala ngati nkhuku yachizungu m'khola. Za denga lodontha anawabisira dala, ankati ana ali ndi fizi ya ana awo. Amene tinkadziwa ndife oyandikana nawo. Malata anayi ndi misomali, ntchito ya tsiku limodzi. Ndinkati ndikagulitsa soya. Soya ndinagulitsa, ndinagula feteleza.

Ndiye pano pa gulu lathu la WhatsApp la ana a Madamu tasonkha ndalama. Dzulo msungichuma analemba kuti zafika K2,300,000 ndipo ena mukulonjezabe. Zikomo kwambiri, sindinkayembekeza. Maganizo amene ali pamwamba ndi oti tidinde nsalu ndi malaya a nkhope yawo, timange chiliza cha matailosi, chaka cha mawa tidzachite phwando lalikulu potsegulira. Ine ndikukana, ndipo ndikukanira poyera kuti wina asadzati ndinkanong'ona kuseri.

Pitani kuseri kwa sukulu mukaone nyumba imene Madamu anakhalamo zaka zoposa 20. Denga linasasuka ndi mphepo zaka zinayi zapitazo, zipupa zili chiimire, mkati mukugona mbuzi za eni. Chimbudzi chinagwa. Chichokereni denga limenelo, aphunzitsi aakazi awiri atumizidwa kuno. Woyamba anafika, anazungulira nyumba ija, anakwera kabaza yemwe anabwera naye, sitinamuonenso. Wachiwiri akuchita lendi kumsika, mtunda wa maola awiri wapansi, ndipo mtsinje ukadzaza safika. Wapempha kale kuti amusamutse. Ndani angamunene? Mwana wa munthu, ali ndi khanda. Akachoka ameneyu sukulu yonse itsala ndi abambo okhaokha. Aphunzitsi aamunawa ndi anthu abwino, ntchito akugwira, koma mtsikana wa zaka 13 sangakaime pamaso pa bambo kunena kuti nsalu yadetsedwa, kapena kuti munthu wina wamkulu akumudikirira panjira tsiku lililonse ndi kandalama m'manja. Amangosiya kubwera. Mwezi watha ndinaperekeza mdzukulu wanga, ndinasuzumira ku Sitandade 8 n'kuwerenga ndekha, atsikana 6. Ku Sitandade 1 atsikana ndi osawerengeka. Enawo apita kuti? Tikuwadziwa, tikukumana nawo kuchigayo ana ali kumsana, pamene malamulo a dziko akuti ukwati ndi zaka 18. Amayi a mother group akuyesetsa, sindiwanyoza, koma ali ndi minda yawo, sakhala pasukulu tsiku lonse. Madamu ankatha zonse zija chifukwa ankagona pompo. Mwana ankadziwa chitseko chogogoda, kaya masana kaya usiku.

Ndalama tasonkhazi zikhoza kugula malata, mitengo ya denga, misomali, zitseko ziwiri, ndi simenti ya pansi ndi chimbudzi. Ndafunsa mmisiri wathu uja, wati ngati mchenga, madzi ndi manja zichokera kwa ife, ndalamayi ifika, ikaperewera ndi pang'ono. Nsalu ya nkhope tidzavala tsiku limodzi, kenako idzakhala mbereko, kenako yophulira miphika, nkhope ya Madamu ili pamafuwa. Munthu amene ankatembenuza envelopu yakale kuti alembepo kachiwiri, mukuganiza akanativomereza?

Ndikudziwa zimene ena munena. Achimwene ena a ku Area 25 anandiimbira usiku, anati iwe ukufuna Madamu agone pa mulu wa dothi ngati munthu wopanda ana? Ayi achimwene. Chiliza ndi cha banja, ndipo ana awo anena kale kuti amanga okha, sanatipemphe. Ifeyo tikufuna kuunjika chathu pamwamba kuti tidzajambulitsepo zithunzi. Tsiku lomanga likadzafika ine ndidzapita ndi fosholo yanga, maliro n'kulirana, koma izo n'zina.

Ena mukuti kumanga nyumba za aphunzitsi ndi ntchito ya boma, timakhoma misonkho, pali ndalama za chitukuko cha m'dera. Zoona zimenezo, sindikutsutsa, ndipo tisaleke kufunsa pa misonkhano. A komiti ya sukulu alemba makalata kangapo. Koma zaka zinayi zadutsa, ndipo pali mtsikana amene anali Sitandade 4 denga likusasuka, lero ali pabanja. Madamu akanati fizi ya mwana uyu ndi udindo wa bambo ake a ku Joni, akanalakwa? Sakanalakwa ngakhale pang'ono. Kungoti ine ndikanathera ku mbewa tsiku lomwe lija.

Chachitatu ndi chimene chikundiopsa inenso. Ndalama za chitukuko kuno zimamera miyendo. Tonse tikukumbukira zija tinasonkha za mjigo. Nsalu ukagula uli nayo m'manja, pamene simenti imatha kusowa usiku matumba awiriawiri, wofunsa n'kusanduka mdani wa mudzi. Pa ichi ndilibe yankho lokwanira, ndisaname. Chimene ndikuganiza n'choti ndalama isafike kuno ngati ndalama. Inu a m'tauni mugule katundu nokha, lisiti muike pa gulu aliyense aone, ngati mmene Madamu anandiuzira kuti ubweretse lisiti ndione. Katundu asungidwe kwa amfumu, maloko awiri, kiyi wina akhale ndi amayi a mother group. Ine musandiike pa ndalama, mwamva kale mmene ndimachotsera.

Changa ndi ichi. Chaka chino ndapeza matumba 14 a chimanga, banja langa limadya 11. Atatu otsalawo ndigulitsa, ndalama ipita kwa msungichuma ndipo alembe pa gulu. Ngolo yanga ndi ng'ombe zituta mchenga mpaka ntchito ithe, osalipiritsa. Sindikuti ngongole ija yatha, mwini wake wapita osalandira. Mayi a kunyumba nditawauza za matumba atatuwa anakhala chete kanthawi, kenako anati uwonjezere ndi nkhuku ziwiri za ndiwo za amisiri.

Komanso ndisaiwale. Aphunzitsi aja ankatiphunzitsa Sitandade 5, a kutsidya kwa dambo, alipo ndi moyo. Miyendo yatupa, satulukanso. Pa maliro paja sanafike chifukwa panalibe wowanyamula, magalimoto onse aja ali mbwee m'munda mwanga. Ndinapita dzana. Sanandizindikire msanga, kenako anandikumbukira ndi dzina lachibwana lija sindilifuna. Ndinafunsa chimene akusowa, anati mabatire a wailesi ndi munthu wocheza naye. Mabatire ndasiya awiri. Inu mukabwera kumudzi mwezi ukatha, njira yake ndi yomwe ija ya pa mlatho wa mitengo.

Ndalankhula ndi ahedi ndi amfumu, avomera kuti tikumane Loweruka likubwerali 2 koloko masana pa nyumba ija, osati m'kalasi, kuti aliyense aone ndi maso ake. A m'tauni amene simungafike, mdzukulu wamkulu wa Madamu akuti adzakuimbirani pa foni muzidzamva zonse. Otsutsa bwerani tidzatsutsane pamaso, mukandigonja nsalu ndidzagula nawo ndipo ndidzavala. Eni mbuzi mukazitulutse Lachisanu, musesenso. Amene ali ndi makwerero aatali ndi tepi abwere nazo, mmisiri akufuna ayeze pamwamba pa zipupa.